Anzanga ophunzitsa kalembedwe ku koleji, yesani izi

Kale ndinkangopereka mutu nkuti mubweretse nkhani yanu pakatha masabata awiri, zobwera zake mapepala ofanana ngati mapasa, ena kungokopera ku ChatGPT osasintha ndi liwu limodzi lomwe, ine nkumachezera usiku kuchonga zinthu zoti mwini wake sanaziwerenge nkomwe.

Panopa tsiku lowapatsa ophunzira asayimenti, mphindi 20 zomaliza mafoni m'thumba, aliyense alembe pamanja ndime yoyamba ndi mfundo zitatu zomwe akufuna kutambasula. Ndimatolera mapepalawo, kusayina nkusunga. Nkhani yonse akalembere mu Google Docs, anditumizire linki yondilola kusintha zolembazo, chifukwa popanda chilolezo chimenecho version history (mbiri ya zonse zomwe zasinthidwa m'nkhaniyo) simungaione. Mukatsegula pamenepo mumaona mmene nkhani yakulira tsiku ndi tsiku. Ndime zisanu zikangotulukira kamodzi 2 koloko usiku, basi mwadziwa kale, muitaneni akufotokozereni ndime yachitatu pakamwa.

Kapepala ka pamanja kaja ndiye kamagwira ntchito kwambiri, mumamva mmene mwanayo amalembera akakhala yekha, ndiye Chingelezi chikasintha mwadzidzidzi nkukhala cha pulofesa zimaonekeratu. Mutunso muzipereka wapafupi, monga mmene mavenda a pamsika wakwawo amakwezera mitengo, poti zimenezo pa intaneti sakazipeza, ayenera kukacheza ndi anthu.

Odandaula za bandulo auzeni kuti Docs ya pafoni imalola kulemba opanda netiweki, imadzatumiza yokha akalumikiza.