Kukonza galamala ndi kompyuta: poyambira ndi pofunika kusamala

Musanadalire pulogalamu yokonza galamala, iuzeni chiyankhulo chimene mwalemba. Ambiri amalumpha zimenezi, kenako amadabwa tsamba lonse litafiira. Mu Microsoft Word dinani Ctrl+A kuti musankhe mawu onse, pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, n'kusankha chiyankhulocho. Pomwepo pali kabokosi kolembedwa "Do not check spelling or grammar". Kakachongedwa, Word imadutsa mawuwo osayang'ana chilichonse, inu n'kumaganiza kuti mulibe cholakwika. Dziwaninso kuti Word imasunga chiyankhulo pa chidutswa chilichonse cha mawu, osati pa fayilo yonse, choncho ndime imene mwakopera kwina imabwera ndi chiyankhulo chake. N'chifukwa chake "colour", sipelo ya Chingerezi cha ku Britain, amatha kuvomerezedwa pamwamba pa tsamba koma n'kukanidwa m'munsi ngati ndime ya m'munsiyo ili m'Chingerezi cha ku America. Mu Google Docs chiyankhulo chimasankhidwa pa File, Language.

Zimathandiza kwambiri kudziwa chimene chikukupatsani malangizo, chifukwa njira zake n'zitatu ndipo iliyonse ili ndi pofooka pake.

Yoyamba ndi mndandanda wa mawu. Kompyuta imayang'ana ngati liwu lili m'dikishonale yake, ndipo likasowa imalemba kamzere kofiira kunsi kwake. Hunspell, pulogalamu yoyang'ana masipelo imene LibreOffice ndi Firefox amagwiritsa ntchito, ili ndi mafayilo awiri: lina la mawu, lina la malamulo a mphatikiro. Njirayi siona liwu lolondola limene lakhala pamalo olakwika. Mukafuna kulemba "analemba kalata" chala n'kuterereka, "analimba kalata" imadutsa bwinobwino chifukwa mawu onsewo alipo. M'Chingerezi zimachitika ndi "form" ndi "from".

Yachiwiri ndi malamulo olembedwa ndi anthu. LanguageTool inayamba motero: pulogalamu imadula zolemba m'ziganizo, imazindikira dzina, mneni ndi mfotokozi, kenako imafufuza ndondomeko zimene akatswiri anaiuza kuti n'zolakwika. Lamulo lotere likhoza kunena kuti dzina loyamba ndi "zi-" lisatsatidwe ndi mneni woyamba ndi "cha-", n'kugwira "zitseko chatsekedwa". Ubwino wake ndi woti imakuuzani chifukwa chake. Koma cholakwika chimene palibe anachilembera lamulo sichigwidwa, ndipo dzina ndi mneni zikatalikirana ndi mawu ambiri pakati, lamulo limasokonezeka.

Yachitatu ndi makina ophunzira kuchokera ku zitsanzo. Amaonetsedwa ziganizo zambirimbiri ziwiriziwiri, cholakwika ndi chokonzedwa chake, mpaka atazolowera kusandutsa china kukhala chinzake ngati akumasulira. Popeza zitsanzo zokonzedwa ndi anthu zimachepa, opanga amawonjezera zina powononga dala ziganizo zabwino: kuchotsa liwu, kusinthanitsa mawu awiri, kusintha nthawi ya mneni. Njirayi imagwira "analimba kalata" chifukwa imaona chiganizo chonse. Ngozi yake ndi yoti imasankha zimene zimalembedwa kawirikawiri, osati zimene inu mumatanthauza, ndipo imatha kusintha tanthauzo popanda kukuchenjezani.

Pokonza penipeni, malizani kaye kulemba. Timizere tikamakudodometsani, tizimitseni mu Word pa File, Options, Proofing. Mukamaliza, sungani kope lina la fayilo, ndiyeno dinani F7 mu Word kapena Ctrl+Alt+X mu Google Docs. Yambani ndi masipelo, chifukwa liwu lolakwika sipelo limasokoneza pulogalamu ikamafufuza galamala ya chiganizo chonsecho. Mayina a anthu, a malo ndi mawu a ntchito yanu aikeni m'dikishonale podina Add to Dictionary, koma muwaone kawiri musanadine, poti liwu lolakwika likalowa m'menemo silidzagwidwanso.

Pa galamala, tengani langizo limodzi pa nthawi, ndipo werengani chiganizo chonse mutaikamo kusinthako, osati mawu awiri okha amene alembedwa mzere. Batani lovomera zonse nthawi imodzi lisiyeni. Mawu amene mwagwira kuchokera kwa munthu wina, ndime za malamulo ndi ndakatulo zisasinthidwe ngakhale pulogalamu idandaule. Chiganizo chikalembedwa mizere itatu kapena inayi, nthawi zambiri vuto si mawuwo koma kutalika kwake. Chiduleni pawiri, muona mizere ina ikuchoka yokha.

Ngati mukugwiritsa ntchito mapulogalamu ocheza nawo monga ChatGPT, lamulo lanu likhale lomveka: akonze galamala, masipelo ndi zizindikiro za m'kalembedwe zokha, asasinthe mawu amene ali bwino, ndipo atchule chilichonse chimene asintha. Apatseni ndime ziwiri kapena zitatu pa nthawi, chifukwa zolemba zikatalika amatha kufupikitsa kapena kusiya ziganizo. Kenako ikani zotsatirazo m'fayilo ina, mutsegule Review, Compare mu Word, muyerekeze ndi kope lija munasunga. Yang'anitsitsani manambala, madeti, mayina ndi mawu otsutsa monga "si" ndi "osa-", amene akachoka nkhani yonse imatembenuka.

Tsamba lopanda mzere uliwonse silitanthauza kuti zonse zili bwino. Opanga mapulogalamuwa amaona kuti langizo labodza n'loipa kuposa cholakwika chophonyedwa. Muyeso wa F0.5, umene unagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa mapulogalamu okonza galamala wa CoNLL wa 2014, umalemekeza kulondola kwa zimene zakonzedwa kuposa kuchuluka kwa zimene zagwidwa. Choncho pulogalamu ikakayika imangokhala chete. Mutha kuyesa nokha: tengani ndime yolembedwa bwino, ikanimo dala zolakwika 10 za mitundu yosiyana, muwerenge zimene yagwira ndi malo abwino amene yawanamizira. Mukatero mudziwa mtundu wa zolakwika umene muyenera kufufuza ndi maso anu.

Pa ziyankhulo zimene zili ndi zolemba zochepa pa intaneti pamafunika kusamala koposa. Mneni mmodzi monga "werenga" amabala "ndinawawerengera", "sitikawerenganso" ndi ena ankhaninkhani, moti mndandanda wa mawu wopanda malamulo a mphatikiro umafiiritsa mawu abwino. Ulemu nawo umasokoneza makina: "mphunzitsi abwera" akhoza kukhala olondola ngati mukumulemekeza, koma pulogalamu ingafune kuika "wabwera". Ngati chiyankhulo chanu sichili pa mndandanda, chongani kabokosi kaja ka "Do not check spelling or grammar" kuti mizere yabodza ichoke, n'kupempha munthu wodziwa chiyankhulocho kuti awerenge.

Mapulogalamu ambiri a pa intaneti amatumiza mawu anu ku makompyuta a kampani kuti akafufuzidwe kumeneko. Pa zikalata za odwala, za milandu kapena za malipiro a antchito, funsani kaye malamulo a kuntchito kwanu, kapena gwiritsani ntchito pulogalamu yoyenda pa kompyuta yanu yomwe. LanguageTool ili ndi mtundu umene mungaike pa makina anu kuti mawu asatuluke kunja.