Musanaphatikize nyimbo ziwiri za techno, yang'anani key ndi liwiro

Anzanga ma DJ, ambiri timatanganidwa ndi kufananitsa BPM (liwiro la nyimbo, kuwerengera kugunda kwa ng'oma pa mphindi imodzi), n'kuiwala kuti nyimbo iliyonse ili ndi key yake, kutanthauza gulu la manoti lomwe nyimboyo yamangidwapo. Ng'oma zitha kugwirizana bwinobwino, koma bass ya nyimbo ziwirizo ikamakangana, ovina amamva ndithu kuti pena pake palakwika.

Gwiritsani ntchito manambala a Camelot oimira ma key, omwe mapulogalamu a DJ a Mixed In Key ndi rekordbox amaonetsa. Ngati nyimbo yomwe ikulira ili pa 8A, yomwe ndi A minor, mutha kulowetsa ina ya 8A, 7A, 9A kapena 8B popanda phokoso.

Koma apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mukakweza liwiro ndi pafupifupi 6 peresenti, tinene kuchoka pa 128 kufika pa 136 BPM, Master Tempo (batani losunga key mukasintha liwiro) ili yozimitsa, key imakwera ndi semitone imodzi, kutanthauza sitepe imodzi yaing'ono ya manoti. 8A ija yasanduka 3A, ngakhale pa sikirini ya kompyuta pakulembedwabe zakale. Ndiye yatsani Master Tempo, kapena sankhani nyimbo zoyandikana liwiro. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi, chifukwa mukakoka liwiro kwambiri Master Tempo ili yoyaka, kick (ng'oma yaikulu) imaphwa mphamvu, ndipo techno yopanda kick yolemera ndi ndiwo zopanda mchere.

Nyimbo zambiri za techno zimadalira kwambiri ng'oma monga kick ndi hi-hat, choncho pulogalamu imatha kuphonya key. Mvetserani nokha m'mahedifoni. Polowetsa yatsopano, tsitsani bass yake pa EQ (zopotokola za pa mixer zokweza ndi kutsitsa mawu), muisinthanitse ndi yakale pakatha ma bar 16 kapena 32 (bar imodzi ndi kugunda kunayi kwa kick).