Kuyesa mankhwala atsopano olimbana ndi HIV ndi malungo pamodzi

Kwa ife ogwira ntchito m'ma labotale a Johannesburg, monga ku yunivesite ya Wits kapena ku NICD (bungwe la South Africa loona za matenda opatsirana), poyambira ndi apa: HIV ili ndi enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito m'maselo) yotchedwa protease, ndipo tizilombo ta malungo, Plasmodium falciparum, tili ndi ma enzyme a banja lomwelo otchedwa plasmepsin. Lopinavir, mankhwala a HIV otsekereza protease, amafooketsanso tizilomboti mu labotale. Njira ina ndi kulumikiza zidutswa za mankhwala awiri, monga cha AZT wa HIV ndi cha chloroquine wa malungo, koma molekyulu ikakula kwambiri imavuta kusungunuka ndipo thupi siliyamwa bwino.

Sungunulani mankhwala atsopanowo mu DMSO (madzi osungunulira mankhwala mu labotale), koma isapitirire 0.5 peresenti m'mbale yoyesera, apo ayi DMSO yomweyo ndiyo ipha tizilombo, inu n'kumasangalala pachabe. Tizilomboto tileleni m'magazi a munthu ndi RPMI 1640 (madzi okhala ndi zakudya za maselo), pa 37°C, mpweya wa oxygen 5 peresenti. Pakatha maola 72, yezani kuchuluka kwa tizilomboto ndi SYBR Green, utoto womata pa DNA n'kuwala. Musadalire mtundu wa tizilombo wa 3D7 wokha. Yesaninso mitundu ya K1 kapena Dd2, imene sikumva chloroquine.

Mbali ya HIV, gwiritsani ntchito maselo a munthu oleredwa mu labotale amene HIV imatha kulowamo, a TZM-bl kapena MT-4.

Kenako onani ngati mankhwalawo sakupha maselo a munthu. Gawani CC50 (mlingo wopha theka la maselo a munthu) ndi IC50 (mlingo wochepetsa kukula kwa tizilombo ndi theka). Yankho likachepera 10, asiyeni.

Mankhwala ambiri amagwera pa chiwindi. Mwachitsanzo, efavirenz wa HIV amatsitsa lumefantrine wa malungo m'magazi, ritonavir wa HIV amamukweza, zonsezi kudzera pa CYP3A4, enzyme ya m'chiwindi yophwanya mankhwala. Yesani zimenezi, pamodzi ndi hERG (puloteni yothandiza kagundidwe ka mtima), musanafike pa mbewa.