Mmene mungaphunzirire masamu a mwayi ndi nyemba za kukhitchini

Mdzukulu wanga ali Fomu 2 kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Tsiku lina anabwera ndi kope lodzaza zizindikiro zofiira, nkhope ili khuma. “Agogo, probability sikundilowa m'mutu,” anatero. Ndinatenga nyemba zimene ndinagula kumsika wa Mbare Musika ndi sokosi yakale, tinakhala pakhonde. Zimene tinachitazo nanunso mungachite madzulo ano.

Yambani ndi muyeso wa mwayi, umene kusukulu amautcha probability. Mwayi woti chinthu chichitike umayezedwa kuyambira 0 kulekeza 1. Chimene sichingatheke n'komwe ndi 0, chimene chichitike zivute zitani ndi 1, ndipo zina zonse zili pakati. Mukapeza yankho loposa 1, musapitirire, penapake mwaphonya.

Tsopano ikani nyemba zofiira 3 ndi zoyera 5 m'sokosimo. Funso n'lakuti: mukapisa dzanja osayang'ana, mwayi wotulutsa yofiira ndi wotani? Musathamangire kulemba. Werengani kaye nyemba ZONSE. Zilipo 8, ndipo nambala imeneyi ikhala pansi. Kenako werengani zimene mukuzifuna, zofiirazo, zilipo 3. Imeneyi ikhala pamwamba. Yankho ndi 3/8.

Apa m'pamene ana ambiri amagwera. Mdzukulu wanga ankalemba 3/5, poganiza kuti akuyerekeza zofiira ndi zoyera. Ndinamuuza akhuthule nyembazo pambale, aloze imodzi imodzi. “Dzanja lako likalowa m'sokosi, lingakhudze nyemba zingati?” Anawerenga n'kupeza 8, zofiira zija zili momwemo. Anakhala chete kanthawi, kenako anafufuta yekha. Chonde makolo, musamuuze mwana yankho pamenepa, msiyeni awerenge ndi chala chake. Chimene wachigwira m'manja sachiiwala.

Mwayi wotulutsa yoyera ndi 5/8. Mukaphatikiza 3/8 ndi 5/8 mupeza 1, choncho mukadziwa mwayi woti chinthu chichitike, ingochotsani pa 1 kuti mupeze mwayi woti chisachitike.

Kenako yesani zenizeni. Tulutsani nyemba imodzi, lembani mtundu wake, ibwezereni, khutchumulani, bwerezani mpaka maulendo 40. Masamu akuti yembekezerani zofiira pafupifupi 15, chifukwa 3/8 ya 40 ndi 15. Mwina mupeza 13, mwina 18, ndipo sikuti mwalakwa. Mukamachulukitsa maulendo, zotsatira zanu zimanka ziyandikira 3/8.

Nanga yofiira ikatuluka osaibwezera? Zofiira zatsala 2, zonse pamodzi zatsala 7, ndiye mwayi wotulutsanso yofiira ndi 2/7. Nambala zonse ziwiri zasintha. Pamayeso werengani funso modekha, muone ngati chinthucho chabwezeredwa kapena ayi.

Nyemba zikazolowereka, tengani dayisi ya ludo. Ili ndi mbali 6, choncho mwayi wopeza 6 ndi 1/6. Nambala zoposa 4 zilipo ziwiri, 5 ndi 6, ndiye 2/6, ndipo muichepetse ikhale 1/3. Madayisi akakhala awiri, jambulani tebulo la mizere 6 chotsika ndi 6 chopingasa, mudzaze timabokosi tonse 36 pophatikiza nambala ziwirizo. Muona 7 ikutuluka m'timabokosi 6 pamene 12 ili m'kabokosi kamodzi kokha. Mafunso a masewera a juga ngati amenewa ndi amene akatswiri a masamu Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat ankalemberana makalata ku France mu 1654, ndipo masamu a mwayi anakulira pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna mwana aliyense achimve asanafike msinkhu wolowa m'malo obetchera amene adzaza m'tauni muno. Ndalama yachitsulo ikagwera mbali imodzi kasanu motsatizana, anthu amati “tsopano itembenuka basi”. Ayi ndithu. Ndalamayo sikumbukira kalikonse. Ulendo wachisanu ndi chimodzi mwayi udakali 1/2, ngati poyamba paja. Anyamata ambiri amatsala opanda ndi ya kombi (minibasi) yomwe chifukwa chokhulupirira kuti poti aluza kambiri, ulendo uno ndi wawo. Mpatseni mwana ndalama aiponye m'mwamba maulendo 50, alembe zonse, kenako ayang'ane yekha zimene zinatsatira pamene mbali imodzi inagwa katatu motsatizana.