Nyengo ya hurricane: kukonzekera, kupulumuka, ndi masiku ovuta namondwe akadutsa

Anthu akamva za hurricane, namondwe wamphamvu wochokera kunyanja, maganizo amathamangira ku mphepo basi, madenga kusasuka, mitengo kuzuka, koma chomwe chimamaliza anthu ambiri ndi madzi, kenako masiku aja magetsi kulibe namondwe atapita kalekale. Nde ngati mumakhala ku Caribbean, Florida, Louisiana, Texas kapena muli ndi m'bale wanu kumeneko, izi muzidziwe.

Ku Atlantic nyengoyi imayamba pa 1 Juni mpaka 30 Novembala, koma pamavuta zenizeni ndi pakati pa Ogasiti mpaka Okutobala nyanja ikatentha bwino, poti namondweyu mphamvu zake amazitenga ku madzi ofunda, madigiri 26 kapena kuposa. Zogula zonse gulani mu Meyi. Mukadikira kuti alengeze mukapeza madzi a m'mabotolo atatha m'mashelefu, mzere wa petulo nde osanena.

Choyamba fufuzani ngati nyumba yanu ili m'dera lomwe anthu amalamulidwa kusamuka. Ku Florida maderawa ali ndi zilembo, A, B, C kumapita, ndipo a A ndi amene amayamba kuchoka chifukwa nyanja ikakankhidwa ndi mphepo imakwera kulowa kumtunda ngati khoma. Mudziwiretu kokathawira, msewu wake, ndi wina wapadera poti waukuluwo umadzadza galimoto osasuntha.

Za ma category, manambala 1 mpaka 5 oyezera mphamvu ya namondwe, zisakunamizeni. Category 1 imayambira pa mphepo ya makilomita 119 pa ola, category 5 pa 252, koma nambalayi imayeza mphepo yokha, za mvula siinena kanthu. Namondwe Harvey mu 2017 anali atafooka kale pomwe anakhazikika pamwamba pa Texas masiku angapo nkutsanula mvula yoposa mamilimita 1,500 m'malo ena, Houston nkumira. Helene mu 2024 anakasefukiza mitsinje ku Asheville, kumapiri a North Carolina, kutali zedi ndi nyanja komwe anthu ankati ife izi sizitikhudza. Ndipo Katrina mu 2005, chomwe chinamiza pafupifupi 80 peresenti ya New Orleans ndi makoma otchinga madzi omwe anagumuka. Nde munthu akamati aaa iyi ndi category 1 chabe tigona, musamumvere.

A National Hurricane Center ku Miami, omwe amalengeza za anamondwewa, akati watch ndiye kuti mphepo yamphamvu ingafike m'maola 48, akati warning ndiye maola 36 ndipo akuiyembekezera ndithu. Pa watch ndi pomwe mumalowetsa mipando ya panja, mabini, chilichonse chomwe chingauluke, kudzadza thanki ya galimoto, kutchaja mafoni ndi pawa banki, kutapa kashi poti magetsi akazima makadi sagwira. Mawindo khomani matabwa kapena tsekani ma shutter (zitseko zotchinga mawindo). Zomata tepi pagalasi zija nzotaya nthawi, galasi limasweka chimodzimodzi.

Madzi akumwa werengerani malita 4 munthu mmodzi patsiku, masiku atatu pang'ono penipeni, koma ine ndingati sabata, ziweto musaziiwale. Bafa lidzadzeni madzi ofulashira toyileti. Zakudya zosafuna kuphika, chotsegulira zitini (ichi anthu amachiiwala mpaka kuseka), tochi, mabatire, wailesi ya mabatire, mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku. Pasipoti, mapepala a nyumba ndi a inshuwalansi m'pulasitiki womata bwino. Tikunena za inshuwalansi, ku America ya nyumba wamba nthawi zambiri siilipira madzi osefukira, imeneyo mumagula payokha ndipo yomwe boma limagulitsa imayamba kugwira pakadutsa masiku 30, nde kuigula namondwe ali pakhomo ndi kuchedwa. Yendani m'nyumba monse mukujambula vidiyo ya katundu zinthu zisanaonongeke.

Akalamula kuti samukani, samukani. Ngati mwatsala, khalani m'chipinda chapakati chopanda mawindo. Mphepo ikangoti zii mwadzidzidzi dzuwa nkuwala musatuluke, ndi diso la namondwe limenelo, ikubwereranso kuchokera mbali ina. Madzi akamalowa kwerani pamwamba koma osakadzitsekera m'kachipinda ka kudenga kopanda potulukira, anthu amafera momwemo madzi akakwera.

Tsopano akadutsa, apa nde pomwe anthu amalekerera. Jenereta iikeni panja, mamita 6 kuchoka pa nyumba, kutali ndi mawindo, osati m'garaji olo chitseko chili chotsegula, olo mvula ikugwa, olo mukuopa akuba. Mpweya wapoizoni wa carbon monoxide womwe jenereta imatulutsa sununkha, suoneka, mumangomva mutu ndi tulo basi kwatha. Laura atagunda Louisiana mu 2020 anthu angapo anafa chonchi, mabanja omwe mphepo anaipulumuka bwinobwino. Makala ndi sitovu ya gasi ya panja chimodzimodzi, osalowetsa m'nyumba.

Madzi osefukira osawoloka. Othamanga ofika masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu, 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo pansi pake simukudziwa ngati msewu ulipo. Muli zonyansa za m'masuweji, misomali, njoka, mwinanso waya wamagetsi wamoyo. Waya aliyense wogwa muziti ali ndi moto.

Firiji yosatsegulatsegula imasunga chakudya maola 4, firiza yodzadza maola 48. Kupitirira apo nyama ndi mkaka tayani, zimawawa koma kutsegula m'mimba chipatala chili chodzadza nkoipa kuposa. Madzi a pampopi wiritsani mpaka abwate mphindi imodzi kufikira akuluakulu atanena kuti ali bwino.

Musanakhudze chilichonse jambulani zoonongeka zonse, denga, makoma, pomwe madzi anafika, nkusunga malisiti. Kenako tulutsani makapeti ndi matiresi onyowa msanga poti chuku chimayamba m'tsiku limodzi kapena awiri. Valani magolovesi ndi nsapato zolimba, ndipo za kukwera padenga kapena kudula mitengo ndi macheka a injini musanazolowere, asiyeni odziwa. Chenjeraninso ndi anthu ogogoda pakhomo kuti tikukonzerani denga lipirani kaye, ena amathawa ndi ndalama.

Ndipo zitha kutenga nthawi. Ku Puerto Rico, Maria atadutsa mu 2017, madera ena anakhala opanda magetsi pafupifupi chaka, ndipo mwa anthu 2,975 omwe boma linavomereza kuti anafa, ambiri anamwalira m'miyezi yotsatira chifukwa chosowa chithandizo, odwala shuga, a impso otsukidwa magazi ndi makina (dialysis), okalamba. Nde tsiku lililonse kagogodeni kwa agogo oyandikana nanu, afunseni ngati mankhwala alipo, ngati amwa madzi, ngati kutentha sikukuwapweteka. Ana akamadzidzimuka usiku mvula ikangoyamba, kapena inuyo tulo osabwera masabata angapo, kaonaneni ndi dokotala kapena aphungu.