Mmene mungayambire kutsatira tenesi chaka chonse ndi kupeza anzanu oonera nawo

Anthu ambiri amene amati tenesi siwasangalatsa anaonerapo mphindi zochepa chabe, n'kusokonezeka ndi manambala a pa kanema, kenako n'kubwerera ku mpira wamiyendo. Sindiwadzudzula. Masewerawa amafuna munthu wokhala pambali panu kuti akulongosolereni, ndipo kwathu kuno anthu otere ndi ochepa. Ine ndimawakonda kwambiri ndipo ndikufuna tichuluke, n'chifukwa chake ndikulemba zimene ndimauza aliyense amene wabwera kudzaonera nane koyamba.

Yambani ndi kuwerenga mapointi, chifukwa popanda zimenezi china chilichonse sichimveka. Pointi yoyamba amaitchula 15, yachiwiri 30, yachitatu 40, yachinayi ndiye kuti mwatenga gemu. Onse awiri akafika pa 40, woweruza amati deuce, ndipo apa pamafunika mapointi awiri otsatizana kuti gemu ithe. Wofika pa magemu 6 akutsogola ndi awiri watenga seti. Zikafika 6-6 amasewera tiebreak, pamene amawerenga wamba, 1, 2, 3 mpaka 7, koma akutsogolabe ndi awiri. Nambala yoyamba kutchulidwa ndi ya amene akuseva, ndiye kuti amene akuyamba kumenya mpira pa pointi iliyonse ya gemuyo. M'mipikisano yambiri wopambana ndi amene watenga maseti awiri, koma amuna m'mipikisano inayi ikuluikulu amafunika maseti atatu, choncho masewero awo amatha kufika maola anayi kapena asanu.

Pali chinthu china chimene ndimachedwerapo, pakuti ndi chimene chimasandutsa woonerera wamba kukhala wochemerera. Woseva ndiye ali ndi mphamvu, ndipo amayembekezeka kutenga gemu yake. Nkhondo yonse ya seti imagona pa kulanda gemu ya mnzako pamene iye akuseva, zimene amati break. Mukaona woseva watsalira 30-40 kapena 15-40, siyani zonse muyang'ane, chifukwa pointi imodzi imeneyo itha kupereka seti yonse. Mapointi a tenesi salemera mofanana. Pa ndime yomaliza ya mpikisano wa Wimbledon ku London mu 2019, Roger Federer anapeza mapointi ambiri kuposa Novak Djokovic, 218 kwa 204, ndipo kawiri konse anatsala ndi pointi imodzi yokha kuti anyamule chikho. Koma Djokovic ndiye anapambana, chifukwa anatenga ma tiebreak onse atatu. Munthu akamvetsa zimenezi amasiya kufunsa kuti akutsogola ndani, amayamba kufunsa kuti akuseva ndani.

Chotsatira, sankhani wosewera mmodzi ndipo mumamatire. Osati asanu, mmodzi. Tenesi ilibe timu ya mumzinda mwanu imene munabadwa mukuichemerera, ndiye mukapanda kukhala ndi munthu wanuwanu mudzangoona mayina akudutsa sabata ndi sabata. Mukhoza kutenga Carlos Alcaraz wa ku Spain kapena Jannik Sinner wa ku Italy, amene anamenyana maola 5 ndi mphindi 29 pa ndime yomaliza ya mpikisano wa Roland Garros ku Paris mu 2025, Alcaraz n'kupulumuka katatu ali pakamwa pa kugonja mpaka kupambana. Mbali ya amayi kuli Iga Świątek, Aryna Sabalenka ndi Coco Gauff. Koma ine ndimalimbikitsa kuti mutengenso wachiwiri wosatchuka kwenikweni pambuyo pake, mukazolowera, chifukwa iyeyo ndi amene adzakuphunzitsani moyo weniweni wa masewerawa: maulendo, kuvulala, ndi kuyamba m'ndime zosefa kuti mwina alowe mumpikisano waukulu.

Chaka cha tenesi chimayamba mu Januwale n'kutha mu Novembala, ndipo nsanamira zake ndi mipikisano inayi ya Grand Slam. Uliwonse umatenga pafupifupi masabata awiri, umayamba ndi osewera 128 mbali iliyonse, ndipo wopambana ayenera kugonjetsa anthu 7 motsatizana. Kwa ife a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe nkhani yaikulu ndi nthawi, ndiye lembani izi penapake.

Australian Open imachitika mu Januwale ku Melbourne, kumene wotchi imakhala patsogolo pathu ndi maola 9. Masewero a m'mawa kumeneko amayamba kuno ili 2 koloko usiku, ndipo sindikulangizani kudzuka pokhapokha ngati akusewera ndi munthu wanu. Koma masewero awo a usiku amatipeza cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo ndime zomaliza zimagwa Loweruka ndi Lamlungu nthawi ngati yomweyo. Roland Garros ya ku Paris, kumapeto kwa Meyi mpaka mu Juni, ndiye yathuyathu, chifukwa nyengo imeneyo wotchi ya ku Paris ndi yathu zimafanana ndendende. Wimbledon ya ku London imabwera kumapeto kwa Juni mpaka mu Julayi, ndipo iwo amakhala kumbuyo kwathu ndi ola limodzi lokha. Yovuta ndi US Open ya ku New York, kumapeto kwa Ogasiti mpaka mu Seputembala. Iwo ali kumbuyo ndi maola 6, kotero masewero a masana amatipeza madzulo bwinobwino, koma a usiku amayamba kuno ili 1 koloko m'bandakucha usanafike n'komwe. Ngati mukuyamba kumene, yambirani pa Roland Garros ndi Wimbledon. Zimatsatizana pafupi, nthawi yake ndi yabwino, ndipo m'masabata ochepa mudzaona mabwalo awiri osiyana kotheratu.

Kusiyana kwa mabwaloku si nkhani ya mtundu wa pansi chabe. Ku Paris amasewera pa dothi lofiira la njerwa zoperedwa. Mpira ukagunda pamenepo umachepa liwiro n'kudumpha m'mwamba, osewera amatsetsereka pothamangira mpira, ndipo pointi imodzi imatha kutenga kubwezerana kambirimbiri. Ndi bwalo la anthu opirira, ndipo Rafael Nadal anapambanapo chikho ka 14, chinthu chimene sindikhulupirira kuti tidzachionanso. Ku Wimbledon ndi pa udzu, pamene mpira umathamanga chapansipansi, ndipo woseva mwamphamvu amavuta kumulanda gemu. Federer anatenga chikho chimenechi ka 8. Ku Melbourne ndi ku New York ndi pa bwalo lolimba, lapakatikati pa ziwirizi. Ndiye wosewera wanu akapambana mu Meyi n'kutuluka msanga mu Julayi, musathamangire kunena kuti watha. Yang'anani kaye pamene waponda.

Pakati pa mipikisano inayiyi pali ina yambiri imene amaiyendetsa a bungwe la ATP kwa amuna ndi a bungwe la WTA kwa amayi. Nambala ya pa dzina la mpikisano, 1000, 500 kapena 250, imakuuzani mapointi a pa mndandanda wa akatswiri amene wopambana amapeza, pamene Grand Slam imapereka 2000. Simufunika kuonera yonse. Indian Wells ndi Miami mu Malichi, Madrid ndi Rome dothi likayamba, zimenezo n'zokwanira. Chofunika kudziwa n'chakuti mapointiwa amakhala masabata 52 okha, kenako amafufutika. Munthu amene anapambana chikho chaka chatha akafika ndime yomaliza chaka chino n'kugonja, mapointi ake amachepa ndipo akhoza kutsika pa mndandanda ngakhale wasewera bwino. Anthu atsopano amadabwa nazo kwambiri zimenezi.

Ndimamva anthu akunena kuti awa ndi masewero a azungu, ndipo zimandipweteka chifukwa mbiri ya Africa ilipo. A ku Zimbabwe akudziwa banja la a Black: Byron, Wayne ndi mlongo wawo Cara. Mu 1998 timu ya Zimbabwe inagonjetsa Australia kwawo komwe mu Davis Cup, mpikisano wa matimu a mayiko, ndipo Cara Black anakhalapo nambala 1 padziko lonse pa masewero a awiriawiri. Kevin Anderson wa ku South Africa anafika ndime yomaliza ya US Open mu 2017 ndi ya Wimbledon mu 2018. Ons Jabeur wa ku Tunisia anafika ndime yomaliza ya Wimbledon mu 2022 ndi 2023, komanso ya US Open mu 2022. Angella Okutoyi wa ku Kenya anapambana chikho cha atsikana cha awiriawiri ku Wimbledon mu 2022. Kgothatso Montjane wa ku South Africa, amene amasewera ali pa njinga ya olumala, anatenga chikho cha awiriawiri ku Wimbledon mu 2024. Federer mwiniwake, amene mayi ake ndi a ku South Africa, anabwera ku Malawi mu 2015 kudzaona ntchito ya bungwe lake yothandiza sukulu za mkomba phala. Mayina amenewa auzeni ana.

Tsopano za anzanu. Tenesi ya munthu mmodzi m'chipinda imatopetsa, pakuti masewero ndi aatali ndipo pamakhala mipata yambiri yofuna kucheza. Osewera amapuma masekondi 90 akamasinthana mbali, ndipo mpata umenewu ndi wokwanira kulongosolera mlendo zimene zangochitika. Musayambe ndi gulu lalikulu. Itanani anthu atatu kapena anayi pa ndime yomaliza imodzi, ndipo pakhale mmodzi wodziwa kuwerenga mapointi amene sanyansidwa ndi mafunso. Mpikisano usanayambe, jambulani pa pepala lalikulu mayina a osewera 32 amene ali pamwamba pa mndandanda, aliyense alosere amene afike ndime ya anthu 8, ndipo pepalalo mulikhome pakhoma. Mudzaona kuti ngakhale amene sanabwere kudzaonera ayamba kufunsa kuti munthu wake wafika pati.

Ngati muli ndi DStv, fufuzani ndondomeko ya SuperSport masiku angapo mpikisano usanayambe kuti mudziwe ngati phukusi lanu likuonetsa, ndipo ngati n'lodula sonkheranani mwezi umodzi wokhawo wa mpikisano. Kumalo oonetsera mpira n'kovuta kupempha tenesi Loweruka masana ligi ya ku England ili mkati, koma Juni ndi Julayi ligiyo imakhala itapuma, ndipo eni malo ambiri savuta mukabwera muli kagulu. Magetsi akazima, manambala a masewero pa foni sadya bandulo yambiri ngati kanema, ndipo amene wadziwa tanthauzo la 30-40 amatha kutsatira seti yonse ndi manambala okha, mtima uli m'mwamba.

Pomaliza gwirizanani lamulo limodzi ndipo mulisunge: woonera usiku asaulule zotsatira kwa amene akudikira kuonera masewero obwereza m'mawa. Ndipo ngati pafupi nanu pali bwalo la tenesi, kaya pa sukulu kaya pa kalabu, pitani tsiku lina ndi gulu lonse, mubwereke maraketi awiri, aliyense ayese kuseva kuti mpira ugwe m'kabokosi ka tsidya lina la neti. Ambiri amalephera kangapo asanaulowetse, ndipo akabwerera pa kanema n'kuona munthu akuseva pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola, mpira n'kugwa pamzere penipeni, safunanso wina wowauza kuti aombe m'manja.