Malangizo a chitetezo kwa akochi a masewera m'masukulu a ku Harare

Malangizowa alembedwa m'Chinyanja kuti athandize aphunzitsi ndi makolo ochokera ku Zambia amene apatsidwa udindo wophunzitsa masewera m'masukulu a muno mu Harare, kaya ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Dzivarasekwa. Sakulowa m'malo mwa maphunziro a thandizo loyamba, ndipo sakufafaniza malamulo a sukulu yanu kapena a NAPH ndi NASH, mabungwe a ahedi amene amayendetsa mipikisano ya mapulayimale ndi masekondale mu Zimbabwe. Mwana akalowa pabwalo amakhala m'manja mwa kochi kufikira atabwezedwa kwa makolo kapena kwa ahedi.

Masewera asanayambe

Yenderani bwalo lonse, tolani mabotolo osweka ndi mawaya, kwirirani maenje, gwedezani zitsulo za golo kuti muone ngati zalimba. Ana atenthetse thupi kwa mphindi 10 mpaka 15. Izi mukuzidziwa kale.

Chimene ambiri alibe ndi kabuku ka matenda a ana. Lembanimo amene ali ndi mphumu, khunyu, shuga kapena matenda a magazi otchedwa sickle cell, pamodzi ndi foni ya kholo. Mankhwala opopera a mwana wamphumu akhale m'chikwama pambali pa bwalo, osati mu ofesi yokhoma imene kiyi wake ali ndi munthu amene waweruka. Nambala zangozi za ku Zambia musazidalire kuno: ambulansi ndi 994, ndipo pafoni yam'manja imbani 112. Komabe ambulansi ikhoza kuchedwa. Gwirizanani tsiku lisanafike kuti galimoto ya ndani idzanyamule mwana, ndipo ipita kukiliniki yapafupi, kapena kuzipatala zazikulu za Parirenyatwa ndi Sally Mugabe.

Mphenzi

Mipikisano yothamanga imachitika temu yoyamba, m'kati mwenimweni mwa dzinja, ndipo mvula ya kuno imakonda kubwera masana ndi mabingu. Mukaona kung'anima, yambani kuwerenga masekondi kufikira bingu litagunda. Masekondi 3 aliwonse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Mukapanda kufika pa 30, mphenziyo ili pafupi mokwanira kupha munthu pabwalo lanu. Imitsani masewera pompo, ngakhale kutatsala mpikisano umodzi wokha, ndipo musabwerere kufikira patapita mphindi 30 chigundireni bingu lomaliza.

Pobisala ndi m'kalasi kapena m'basi yotseka mawindo. Pansi pa mtengo, mutenti ya alendo ndi m'kashedi kamalata kopanda zipupa si pobisala ayi, ngakhale ana amathamangira kumeneko pothawa kunyowa. Munthu amene wamenyedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Musaope kumukhudza, muthandizeni msanga.

Kugunda mutu

Madokotala amati concussion ponena za kugwedezeka kwa ubongo m'kati mwa chigaza mwana akagunda mutu, kapena akagwa mwamphamvu mutu n'kugwedezeka. Kunja sikuoneka bala, ndipo ana ambiri sakomoka n'komwe. Apa ndi pamene akochi abwinobwino amalakwira. Mwana wadzuka, akuti ali bwino, anzake akukuwa kuti alowe, ndiye amamuthira madzi kumutu n'kumubweza m'bwalo. Ndakuona kuchita kumeneku m'mabwalo ambiri ndipo kumandiopsa, chifukwa ubongo ukagundidwanso usanachire ukhoza kutupa mwanayo n'kufa.

Yang'anani izi: kuchedwa kudzuka, kudzandira, maso angoti tong'o, kugwira mutu, chizungulire, nseru, kudana ndi kuwala. Musamufunse kuti "Uli bwino?" chifukwa mwana wofuna kusewera amavomera basi. Mufunseni kuti tili pabwalo liti, tikusewera ndi timu iti, wagoletsa komaliza ndani. Akaphonya limodzi, kapena inuyo mukangokayika, atuluke ndipo asasewerenso tsiku limenelo. Ndiwo uthenga umene FIFA ndi bungwe la zaumoyo la WHO anafalitsa mu 2024, ndipo anachenjezanso kuti zizindikiro zikhoza kuonekera patapita maola 72. N'chifukwa chake kholo liyenera kuuzidwa madzulo omwewo. Mwanayo asapite yekha kunyumba pakombi.

Thamangirani naye kuchipatala ngati akusanza mobwerezabwereza, mutu ukupwetekera-pwetekera, wagwa ngati wakhunyu, akuwodzera modabwitsa kapena dzanja kaya mwendo walefuka. Akadandaula khosi, musamudzutse kapena kumunyamula wina kumiyendo wina kumanja. Gwirani mutu wake usagwedezeke ndipo dikirani achipatala.

Kubwerera kumasewera kumayamba ndi kubwerera m'kalasi popanda kumva mutu, kenako kuthamanga pang'ono, ndipo pomaliza kusewera ndi anzake dokotala atavomereza. Ku Britain malangizo a 2023 amaletsa kulowa mumpikisano masiku 21 asanakwane. Ngati sukulu yanu ilibe lamulo lake, tsatirani limeneli.

Kutentha ndi madzi

Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, makamaka mu Okutobala, sunthirani maphunziro a masewera kum'mawa kapena dzuwa litapendeka. Ana amwe madzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse osadikira ludzu. Kumana mwana madzi ngati chilango n'koletsedwa. Madziwo akhale owiritsa kapena othira klorini, ndipo aliyense akhale ndi botolo lake. Kolera ya 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro muno mu Harare, choncho kapu imodzi yoviika m'chidebe timu yonse n'kumwera isapezeke pabwalo lanu.

Mwana amene watopa ndi dzuwa mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, amwe pang'onopang'ono. Koma ngati thupi latentha kwambiri ndipo akulankhula zosokonekera, moyo wake uli pangozi. Yambani kumuziziritsa pomwepo: muthireni madzi ozizira thupi lonse ndi kumukupiza, wina akuitana galimoto. Wosokonezeka musamumwetse, angatsamwe.

Kugwa popanda womugunda

Mwana akangoti khu pansi popanda womukhudza, ndipo sakuyankha kapena kupuma bwino, ganizirani mtima. Kupuma kobanika kwa apo ndi apo sikupuma. Tumani munthu mmodzi, momutchula dzina, kuti aimbe foni. Inu ikani manja pakati pa chifuwa ndi kudinikiza mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pamphindi. Ngati munaphunzira, mupumireni m'kamwa kawiri mukadinikiza ka 30. Wosewera mpira wa ku Denmark, Christian Eriksen, atagwa pabwalo ku Copenhagen mu 2021 anapulumuka chifukwa anayamba kumudinikiza pachifuwa msanga ndipo makina odzidzimutsa mtima anali pomwepo. Masukulu athu ambiri alibe makinawo, ndiye musaleke kudinikiza, muzilandizana kufikira achipatala atafika.

Zing'onozing'ono ndi zolemba

Pogwira magazi valani magolovesi. Wa kamfuno aweramire kutsogolo atatsina mphuno kwa mphindi 10, asagadamitse mutu. Pobinya ikani ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15, ndipo musakoke kapena kuthowa ndi madzi otentha tsiku loyamba. Pothandiza mwana, makamaka mtsikana, pakhale mphunzitsi wina kapena mayi pafupi. Mwana akakuululirani za nkhanza, nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana amene ali pamavuto, ndi 116, yofanana ndi ya ku Zambia.

Ngozi iliyonse ilembedwe tsiku lomwelo: dzina la mwana, nthawi, chimene chinachitika, chimene munachita ndi amene anaona. Pepala limodzi lipite kwa ahedi, lina kwa kholo kuti akalionetse kuchipatala.